Gulu la pa Foni Limene Ndinatseka ndi Dzanja Langa

Petauke, m'zaka za m'ma 1980

Ana anga Mabvuto ndi Taonga, za ubwana wanga munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazifotokoza bwino kuposa ine chifukwa amathilamo mchele. Ine ndiyambila pa nchito yanga yoyamba. Zimene ndinachita m'chaka cha 2021, zimene iwe Taonga sunazimeze mpaka lelo, simungazimvetse ngati simudziwa kumene ndinaphunzilila mantha.

Ndinalowa nchito ndili mtsikana, monga opaleta wa matelefoni pa boma pa Petauke. Masiku amenewo munthu sankangodina manambala n'kulankhula. Ankayamba waimbila ine, ine n'kulumikiza chingwe chake ndi cha munthu amene akumufuna, pa bolodi lalikulu la mabowomabowo limene linali m'kachipinda kopanda zenela. Bwana wanga anali a Sakala, bambo wamfupi, wosaseka, amene ankabwela pa njinga atamanga miyendo ya buluku ndi mphila. Zinthu zinali zosowa. Zingwe zikatha sitinkalandila zatsopano, tinkangozikulunga ndi ulusi wosokela. Mabatile ankafooka dzuwa lisanapendeke. M'dzinja mitengo ya mawaya inkagwa ndi mvula, m'chilimwe inkapsa ndi moto wa m'tchile, ndipo wamalonda wofuna kulankhula ndi ku Lusaka ankalembetsa m'mawa n'kudikila mpaka madzulo. Ena ankandibweletsela mazila kuti ndiwaike patsogolo. A Sakala akawaona mazilawo ankandituma kukabweza, ndipo ndinkayenda nawo m'mbale mpaka kumsika, anthu akundiseka.

Tsiku lina masana kunabwela bambo wina wa suti ya safali. Sanagogode. A Sakala anamupatsa mpando wawo, ndipo iye anakhala kumbuyo kwanga, natenga chomvelela chapadela chimene tinkayesela mawaya, n'kuchiika kukhutu. Anakhala mpaka nthawi yoweluka osalankhula kanthu. Ndinkamva mpweya wake m'khosi mwanga ndipo zala zanga zinkaphonya mabowo. Atapita ndinafunsa a Sakala kuti anali ndani.

"Mwananga, bambo aja sunawaone," anatelo a Sakala. "Ukawaona, nawonso akuona."

Anabwelanso kangapo chaka chimenecho. Panali mwini sitolo wina, munthu wanthabwala, amene ankakonda kudandaula pa telefoni kwa mlamu wake za kusowa kwa sopo ndi shuga, n'kumatchula ndi maina a akuluakulu omwe. M'mawa wina sitolo yake sinatsegulidwe. Anaonekanso patapita masiku, ataonda, ndipo sanagwilenso telefoni. Akafuna katundu ankakwela basi yekha kupita ku Chipata, sitolo ili chitsekele, ndipo chaka chisanathe anaigulitsa. Sindinadziwe ngati anamutengela zimene ananena pa waya wanga. Palibe amene anandiuza, ndipo ine sindinafunse.

Nyimba, kuyambila m'zaka za m'ma 1990

Makina olumikiza okha atafika, bolodi langa analinyamula pa lole ndipo ine anandisamutsila ku Nyimba, pa kauntala yolandilila mabilu ndi kuimbitsa anthu telefoni. Kumeneko ndi kumene munakulila, ndiponso kumene tinaika atate anu. Bwana wanga anali amai Mumba, mzimai wa mau aakulu koma wamtima wabwino, amene ankatilola kudya nthochi pa kauntala bola makoko asaoneke. Mabuku a malisiti akatha tinkadula mapepala akale n'kudindapo chidindo, ndipo inki ikauma amai Mumba ankathilamo tiyi. Malipilo akachedwa ndi iwo amene ankapita kwa eni masitolo kukatipemphela ngongole ya ufa, ndipo palibe amene ankayelekeza kuwakaniza.

Pa kauntala imeneyo ndi pamene ndinadziwanila ndi amai Lozaliya. Anabwela kuno ali kamtsikana, akuthawa nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo anzawo atabwelela kwawo iwo anatsala, nakwatiwa ndi Mnsenga wa cha ku Mwape. Ankabwela ndi dengu la nthochi n'kugulitsa pa mseu kwa anthu a m'mabasi, kenako n'kulowa kwa ine ndi kanambala kamene wina anawapatsa, akufuna mlongo wawo ku Tete. Nambalayo sinalilepo ngakhale tsiku limodzi. Tinazolowelana motelo, iwo akudikila, ine ndikuyesa. Pambuyo pake anandiululila kuti mapepala awo okhalila kuno sanali olongosoka bwinobwino. Chaka china ankauzidwa kuti zatheka, chaka china kuti abwelenso. Amuna awo atamwalila mantha anakula. Akaona munthu wa yunifolomu, ngakhale mlonda wa pa sitolo, ankawolokela tsidya lina la mseu.

Mafoni a m'manja atachuluka, pa kauntala yanga panati zii. Zaka zomaliza ndinkakhala tsiku lonse ndikuyang'ana anthu akudutsa panja, aliyense telefoni yake kukhutu. Nthawi yopuma itakwana sindinadandaule.

Petauke, nditapuma

Ndalama za penshoni ndinagulila makina a fotokope ndi kompyuta, n'kuchita lendi kashopu pafupi ndi msika. Iwe Taonga unali utamaliza koleji, nchito osaipeza, ndipo unkandithandiza kutaipa makalata a anthu. Nzelu ya gulu inali yako. Unaona mmene alimi a ku Kalindawalo ankadandaulila akachoka kwa ogula oyendayenda aja a masikelo obela, pamene anzako a ku Lusaka ankakufunsa kumene angapeze nshawa zabwino ndi uchi. Unatsegula gulu pa intaneti ya pa foni, n'kuikamo ogula a ku Lusaka ndi ku Chipata. Mlimi ankatitumizila chithunzi cha katundu wake, ife n'kuchiika pa gulu, wogula n'kusankha, katundu n'kukwela basi, ife n'kudulapo kangachepe. Alimi eniake sanali m'gulumo, chifukwa ambili analibe mafoni aakulu, choncho zonse zinkadutsa pa nambala yanga. Unaumilila kuti adimini, ndiye kuti mwini gulu, ndikhale ine. Unkati alimi sangakhulupilile mtsikana wa thalauzi, koma amai Daka a ku matelefoni amawadziwa.

Zinayenda kuposa mmene ndinkaganizila. Tinagula sikelo yathu ndi mashelefu. Unayamba kugaya chiponde n'kuika m'mabotolo okhala ndi dzina lako, ndipo madzulo potseka shopu unkandiuza mtundu wa galimoto imene tidzagule. Amai Lozaliya anali mlimi wathu woyamba wa mbali ya ku Nyimba. Anagula foni yaikulu ndi ndalama za nthochi, ndipo ankakwela pachulu kuseli kwa nyumba yawo kuti apeze netiweki. Zithunzi zawo zinkabwela ndi chala chawo pakona nthawi zonse, moti ogula ena ankangoti tikufuna nthochi za amai a chala. Anasiya kuthamangila mawindo a mabasi. Anafolela nyumba ndi malata, nayamba kusonkhanitsa katundu wa anzawo a m'mudzi. Ndinawaonapo tsiku lina akudutsa pafupi ndi wapolisi osawoloka mseu.

Chaka cha 2021, miyezi yozizila

Kumayambililo kwa chaka tinamva pa wailesi kuti kwabwela lamulo latsopano la pa intaneti. Sindinaliwelenge, ndipo sindidziwa munthu pa msika wathu amene analiwelenga. Chimene chinkayenda pakamwa pa anthu n'chakuti wina akalemba zolakwika pa gulu, womangidwa ndi adimini. Kaya zinali zoona kaya ayi, masankho ankayandikila ndipo aliyense anayamba kudziyang'anila. Ogula ena anatuluka m'gulu mwakachetechete. Mai wina wa lesitilanti ku Lusaka, amene ankatenga nshawa sabata iliyonse, anandiuza kuti amuna ake amuletsa kukhala m'magulu a anthu osawadziwa. Ine ndinayamba kuwelenga uthenga uliwonse ndisanasambe n'komwe. Wina atalemba mwanthabwala kuti mtengo wa mafuta ophikila wakwela ndege, ndinafufuta. Iwe unkandiseka, ukuti amama mwasanduka wapolisi wosalipidwa.

Mu Julayi amai Lozaliya anasonkhanitsa matumba a nshawa, awo ndi a anzawo, amene ogula anali atalipila kale. Pamalo okwezela katundu anapeza anyamata achipani atatchinga. Sinditchula chipani, pakuti ndaona zipani zingapo ndipo anyamata otele sanasowepo. Anatsitsa matumba pa lole, akuti katundu sakwela popanda kulipila kwa iwo, ndipo amai Lozaliya atalephela, anyamatawo ananyamula matumba ena n'kupita nawo. Amai Lozaliya anabisala kuseli kwa dengu la mnzawo n'kujambula kavidiyo, kamene anatitumizila. Sanajambule kuti aneneze munthu. Ankaopa kuti ife tiganiza kuti nshawazo agulitsa kwina.

Ogula anayamba kutitukwana pa gulu, akuti tadya ndalama zawo. Ndine ndinakuuza kuti uike vidiyoyo pa gulu ndi foni yanga kuti adzionele okha. Nkhope ya amai Lozaliya sinkaonekamo, koma nkhope za anyamatawo ndi zipewa zawo zinali poyela. Ogula analeka kutukwana, ena anapepesa, ndipo ine ndinkayesa nkhani yatha. Koma wina anaitumiza kunja, ndipo sabata isanathe vidiyoyo inabwelela kwa ine kuchokela kwa mai wina wa kutchalichi kwathu, itaonjezedwa mau aakulu ofiila a ndale amene ife sitinalembe.

Ogasiti 2021

Anabwela Lolemba la sabata ya masankho, m'mawa, iwe utapita ku siteshoni kukakweza uchi. Anali amuna awili ovala bwino, nsapato zopanda fumbi ngakhale mphepo ya mwezi umenewo inali itadzaza dothi paliponse. Wamkuluyo anapeleka moni mwaulemu, nadzitchula kuti ndi a Zulu, kaya linali dzina lawo. Sananene ofesi imene achokela, ndipo ine sindinayelekeze kupempha chitupa chawo. Wamng'onoyo anatseka chitseko cha shopu n'kuima pomwepo. A Zulu anakhala pa mpando wa makasitomala nayamba kucheza ngati mlamu. Anafunsa ngati penshoni ikubwela bwino. Anafunsa za iwe Mabvuto, natchula sukulu imene umaphunzitsa ku Lusaka, nati amva kuti mkazi wako ali ndi pakati, zimene ine ndinali ndisanauze ngakhale azakhali anu. Kenako anatulutsa foni nandionetsa vidiyo ija. Sinali ya mau ofiila ya kunja ija ayi. Inali mmene inalili pa gulu lathu, nambala yanga ili pamwamba pake. Apo ndinadziwa kuti mmodzi wa ogula athu sanali wogula.

"Amai Daka, ife tidziwa kuti inu simunapite kukajambula," anatelo a Zulu. "Tingofuna kucheza ndi amene anajambula. Ndiponso muike nambala iyi pa gulu lanu, ikhale adimini pamodzi ndi inu, kuti tizikuthandizani kuyang'anila. Mukatelo malonda anu apitilila bwinobwino, palibe adzakuvutitseni."

Anaimilila n'kulemba nambalayo pa kalenda ya pakhoma. Ndinayankha kuti alimi ndi ambili ndipo ine ndakula, ndiyenela kuyamba ndakumbukila. Anamwetulila, nati palibe changu, adzabwelanso Lolemba lotsatila masankho atatha. Potuluka wamng'ono uja anatenga botolo la chiponde pa shelefu, nalipila, nadikila chenji. 

Iwe Taonga utabwela tinakangana mpaka dzuwa kupendeka. Unati dzina tisapeleke, koma nambala tiike, chifukwa ife tigulitsa nshawa ndipo tilibe chobisa. Ndinati munthu ameneyo akalowa adzafunsa za mlimi aliyense, chithunzi chilichonse, ndipo dzina lija adzalifunsanso kufikila atalipeza. Unati tipite ku polisi. Ndinakufunsa kuti tikanene chiyani, pamene sitidziwa ngati amene tikawauzeyo si anzawo a alendo athu. Pomaliza unalila, n'kunena kuti, "Amama, ndiye nchito yanga ya zaka zonsezi ithe chifukwa cha munthu amene si m'bale wathu n'komwe?" Ndidziwa kuti unadandaula nawo mau amenewo asanazizile. Sindinawalembe kuti ndikuchititse manyazi, koma kuti Mabvuto adziwe kuti unali ndi zambili zoti utaye, ndipo unali ndi chifukwa cholilila.

M'mawa mwake ndinatsekela foni yanga m'dilowa ndi kukwela minibasi ya ku Nyimba. Kuimba sindinafune. Kuchoka pa Nyimba ndinakwela njinga yamoto, ine ndi nyamakazi yangayi, fumbi lili m'maso ndi m'mano. Njinga iliyonse imene inkatitsata kumbuyo ndinkaiyang'ana mpaka itapatuka. Amai Lozaliya ndinawapeza kudimba akupalila nthochi. Atandiona ndili ndekha, popanda kuwadziwitsa, anayamba aganiza kuti kwagwa malilo. Ndinawafotokozela zonse, ndipo anakhala pansi pa dothi pomwepo.

"Mwawauza, amake Taonga?"

"Iyayi."

"Mudzawauza?"

Ndinafuna kuyankha msanga kuti ayi, koma ndinakumbukila sukulu ya Mabvuto ndi mimba ya mkazi wake, ndipo mau anandichedwela pakhosi. Anaona kuchedwako. Sanandikalipile. Anangonena motsitsa kuti kwawo kuja kulibenso amene akumudziwa, nanga akawabweza akafikila kwa ndani, ndipo ana awo obadwila kuno adzatsala ndi yani. Kenako anamasula foni imene anaimanga pa nsonga ya chitenje, naiika pamwala, n'kuiphwanya ndi khasu. Anatola tizidutswa tonse, ngakhale tagalasi, n'kutikwilila pansi pa nthochi. Ndinagona komweko, ndipo m'mawa anandipelekeza.

Lachinayi ndinavota m'mawa n'kupita ku shopu. M'chipinda chosungila katundu munali mikoko ya nthochi ya alimi ena, yofika Lachitatu, imene inayenela kupeza ogula mwamsanga. Chakumasana ndinajambula n'kutumiza pa gulu, koma chithunzi chinangozungulila osapita. Ndinagula mabandulo ena a intaneti, ndinazimitsa foni n'kuyatsanso, osatheka. Uthenga wa mau okha nawonso unaima. Iwe unali udakali pa mzele wovota. Mumtima mwanga ndinatsimikiza kuti adziwa za ulendo wanga wa ku Mwape ndipo andidula ine ndekha, kuti ndisauze munthu akamabwela kudzanditenga. Ndinaika chitenje, mswachi ndi mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi m'chikwama, n'kukhala moyang'ana chitseko. Galimoto iliyonse yochepetsa liwilo panja inkandiimitsa mtima. Chitseko chitatseguka ndinanyamula chikwama, koma anali a Phili, telala woyandikana nafe, tepi ili m'khosi, akufunsa ngati foni yanga ikutumiza. Anati msika wonse walephela, ndipo mwana wawo waimba kuchokela ku Lusaka kuti nakonso n'chimodzimodzi.

Ndinaseka mpaka a Phili anadabwa nane. Koma kusekako kutatha ndinagwidwa ndi mantha ena oposa oyamba aja. Ngati panali anthu otha kutseka pakamwa pa dziko lonse masana amodzi, osauza munthu, nanga ine ndi kashopu kanga ndinali chiyani kwa iwo?

Achinyamata anapeza njila yozembela, kanthu kena kamene ankaika m'foni kuti mauthenga adutse kwina. Unafuna kuika pa foni yanga ndipo ndinakana kwamtuwagalu. Tinayesa kuimbila ogula mmodzimmodzi, koma ambili sanayankhe, ndipo oyankha ankati katundu osamuona sangagule, tidikile zinthu zikhazikike. Nthochi sizidikila. Zinapsa zonse pamodzi, zinayamba kuda, fungo linadzaza shopu mpaka mapepala a fotokope ananunkha. Pomaliza tinaitana munthu woweta nkhumba kuti adzatenge ndi wilibala, ndipo alimi ake tinawalipila kuchokela m'thumba mwanga.

Kumapeto kwa sabata intaneti inabwelela, mauthenga n'kukhuthukila m'foni ngati mvula. Lolemba linali pafupi. Lamulungu titachoka kutchalichi ndinakhala pa mpando wa m'shopu n'kulemba pa gulu kuti tatseka chifukwa amai Daka akudwala. Kenako ndinayamba kuchotsa anthu mmodzimmodzi. Iwe unaima kumbuyo kwanga ukundipempha kuti ndidikile zotsatila za masankho, mwina zinthu zisintha. Ndinati wopambana aliyense, nambala ija ili pa kalenda ndipo ine sindidziwa kuti ndi ya ndani. Maina ena pochotsa ndinkawadziwa ngati abale, anthu amene anatikhulupilila tisanakhale ndi sikelo. Koma sindinaleke. Nditamaliza ndinafufuta zithunzi zonse ndi mauthenga onse a alimi. Ndinkaganiza kuti akabwela adzapeza ine ndekha, popanda gulu loti alowemo, ndipo ndidzangoti ndaiwala mpaka atatopa. Ngati ndikanapilila sindidziwa.

Lolemba ndinatsegula shopu m'mawa, chikwama chija chili pamiyendo. Zotsatila za masankho zinali zitatuluka, ndipo kunja ena ankavina, ena anali atadzitsekela m'nyumba. Ndinadikila mpaka madzulo. Sanabwele. Sabata yotsatila sanabwelenso, ndipo mpaka lelo sanabwele.

Zaka zotsatila

Kusabwela kwawoko ndi kumene kunativuta kwambili ine ndi iwe. Akanabwela ukanaona ndi maso chimene ndinkaopa. Unati tapha bizinesi chifukwa cha anthu amene mwina anali ongoopseza, ndipo mwina n'zoona. Mwinanso sanabwele chifukwa khutu lawo la m'gulu linawauza kuti palibenso choti apeze. Unayesa kuyambilanso ndi nambala yako, koma ogula anali atapeza ena, ndipo mphekesela inali itamveka yoti apolisi anatitsekela chifukwa cha ndale. Alimi nawo, atamva za foni ya amai Lozaliya, ankabisa zawo ukafika. Ine sindinakuthandize. Unapempha kuti ndikupelekeze kumidzi ndipo ndinkangoti miyendo ikuwawa. Fotokope yokha sinathe kulipila lendi, ndipo tinabweza makiyi. Unapita ku Chipata kukagulitsa m'shopu ya munthu wina, mabotolo opanda kanthu a dzina lako atatsala m'katoni pansi pa bedi langa. Kamodzi ndinaona munthu wofanana ndi a Zulu pa siteshoni ya mabasi. Anakweza chipewa, kaya kwa ine kaya kwa wina wa kumbuyo kwanga, ndipo ndinabwelela kunyumba osagula zimene ndinapitila.

Chaka chino

Mwezi watha unandiimbila kuti wayambanso, pamodzi ndi anzako awili, ndipo nthawi ino mwalembetsa ku boma monga bizinesi yeniyeni. Unati ufuna alimi athu akale. Sabata yomweyo ndinali nditamva pa wailesi akukambilananso za malamulo ena a pa intaneti, ena akuti ndi otiteteza kwa akuba, ena akuti ndi otitseka pakamwa. Sindinakuuze kuti pamene tinkalankhulapo foni ndinaigwila ndi manja awili. Ndinangoti ndikawafunsa ndekha, pamaso.

Amai Lozaliya ndinawapeza pa mseu pa Nyimba, dengu pamutu, imvi zili mbuu pansi pa duku. Abwelela ku mawindo a mabasi, ndipo atsikana amawapitilila pothamanga. Tinakhala pansi pa mthunzi wa shopu ina ndipo ndinawauza pempho lako. Basi inafika, ananyamuka n'kuthamangila, nabwelako atagulitsa kaphava kamodzi kokha, akupuma movutika. Anakhalanso pansi, nasisita maondo.

"Muuzeni mwana atenge nthochi," anatelo. "Koma ajambule yekha, nthochi zokhazokha. Wina akafunsa kuti n'za ndani, anene kuti n'za mai wina."

Ndinawalonjeza, ndipo nthawi ino mau sanandichedwele pakhosi. Taonga, nthochizo zifika ndi basi ya Lachisanu, ukazilandile wekha. Ndipo inu nonse awili, mukadzapatsa ana anu masamba awa, muwauze kuti dzina lakuti Lozaliya si lenileni. Ndinayesa kulemba lenilenilo pamwamba paja, koma dzanja linakana.